Wofiira pa Msomali

Dzulo kamtsikana kena kananditumizira uthenga pa foni, ati amama ndifuna mikanda iwiri ya m'chiuno, wofiira ndi woyera, ukwati wayandikira. Ine nkuyimba pompo, zolembalemba sindizitha, zala zimachedwa pomwe pakamwa pathamanga kale. Ndati, "Iwe, kwanu amawerenga chiuno kapena msomali?" Kamtsikana ati, "Amama, netiweki." Sinali netiweki ayi, sikanandimvetse chabe. Ana a m'nyumba muno amati foni ndidya nayo, ndigona nayo, ndipo makasitomala ndimawatopetsa ndi mafunso. Atope. Funso limenelo sindidzasiya, chifukwa msomali umodzi unatsala pang'ono kutithawitsira amulamu anga.

Zinali m'zaka za m'ma fifite muja, kwathu ku Kambombo. Ine ndinali mtsikana wongosinkhuka kumene, koma pakamwa panali patakula kale. Pamudzi ponse ankanditcha kamkamwa.

Mikanda sanandiphunzitse munthu. Kunali bambo wina wa njinga amene ankabwera chilimwe, mitsinje ikaphwa, atamanga bokosi la malata kumbuyo: mchere, sopo, singano, timagalasi, ndi mikanda m'timitolo. Tsiku lina kamtolo kamodzi kanamudukira pabwalo pathu, mikanda balala m'fumbi! Iye kutukwana, nkhuku kuthamangira, ine kuthamangira. Zimene ndinalanda kwa nkhuku ndi zimene ndinayambira. Ndinapeta fumbi lija pa lichero mpaka dzuwa kupendeka, amama akukuwa kuti lichero ndi la chimanga, si la misala.

Ulusi ndinkasolola pa nsanza, kuupota pa ntchafu, nkuupaka phula la njuchi kuti ulimbe. Singano za bambo wa njinga zinali zonenepa, sizinkalowa pa kabowo ka mkanda. Ndiye nsonga ya ulusi ndinkaiumitsa ndi phula lomwelo mpaka iime yokha njo, nkumatola nayo mikanda umodziumodzi pa lichero. Kasanjidwe ka mitundu ndinkaba ndi maso. Mayi akadutsa ndi mkanda wabwino m'khosi, ine pambuyo pake mpaka kumtsinje. Mmodzi anachita kutula mtsuko nkundifunsa, "Iwe mwana, khosi langali ukulifuna la chiyani? Ufuna kundipotola?"

Posachedwa amayi anayamba kundifuna okha. Ya m'khosi, ya m'manja, timikanda ta m'chiuno mwa makanda toonera ngati mwana akunenepa. Ankandipatsa mazira, nsomba zouma, nthawi zina kachidutswa ka nyama ya njati, ine nkukasinthitsa kwa bambo wa njinga ndi mikanda ina. Zonse ndinkasunga m'chitini cha tiyi, chitinicho pansi pa mphasa kumutu.

Manje adada anga anali mkulu wa mpingo. Ng'oma ayi, mowa ayi, chinamwali ayi. Anzanga ankatengedwa kukalangizidwa, nkubwerako akuyenda moŵerama, odziwa zinthu. Ine ndinangotsala ndi nyimbo za m'buku ndi chitini changa. Mikanda ya m'khosi adada ankangoilekerera, ati bola isalowe m'tchalitchi.

Chaka chimenecho alongo anga aakulu anabwerako ku migodi. Anabwera ndi bulangete, chipewa, sopo wonunkhira, ndi misomali ingapo m'thumba la jekete. Anamanga nyumba, nkupeza mbeta ku Tembwe. Mwambo wake, mkwati ndi mkwatibwi amawakhazika pa mphasa imodzi, amayi a uku ndi a uko nkuwalangiza pamodzi, aliyense amve zimene mnzake wauzidwa. Adada anakana. Ati ukwati ndi wa m'tchalitchi, malangizo ali m'Buku, zina zonse ndi zachikunja. Amayi anavomera ndi mitu, "Inde, inde." Kenaka aliyense anakachita zake mobisa. A ku Tembwe analangiza mwana wawo ku Tembwe. Kwathu kuno ankhazi, mlongo wawo wa adada, analangiza alongo anga kuseri kwa nkhokwe, monong'ona, diso lili kunjira.

Ankhazi amenewa tchalitchi ankapita, koma fodya wa m'mphuno ali pa mfundo ya nsalu. Tsiku lina anandikokera inenso kuseri kwa nkhokwe komweko.

"Iwe kamkamwa, tseka uko, tsekula makutu. Mikanda iwiri. Wina wofiira wokhawokha, wina woyera wokhawokha. Muyeso ndi uwu." Nkundipatsa luzi lomanga mfundo.

"Wokhawokha? Ankhazi, zimenezo sizikongola. Ndiikemo tobiriwira pakatipakati, muone mmene..."

"Ndati wokhawokha."

"Ndi ya ndani?"

"Ya mulamu wako akubwerayo. Ya m'chiuno."

"Nanga iwiri bwanji? Ali ndi ziuno ziwiri?"

Anandigwira milomo ndi zala ziwiri ngati akumanga thumba. "Ukawauza adada ako, chitini chako ndikachiponya mumtsinje ine mwini."

Imwe mwina mwadziwa kale. Ine sindinkadziwa, ndipo panalibe wondiuza. Mikanda iwiriyi ndi pakamwa pa mkazi kwa mwamuna wake, pa zinthu zimene amati sanena ndi mawu. Wofiira ndiye kuti ndili kumwezi, khalani patali. Woyera ndiye kuti njira ili bwino. Basi. Koma ine ndinkangoona ntchito yosakongola.

Ndinaipanga ndithu, ndipo bwino. Yoyera inalipo yambiri. Yofiira inaperewera, mpaka ndinamasula wa m'khosi wanga womwe kuti muyeso ukwane. Yofiira ya nthawi imeneyo inali ina yake: kunja psuu, koma ukasuzumira pa kabowo, mkati moyera. Zinandisautsa. Ndinathamangira kwa ankhazi ali pa mtondo ndi amayi ena, nkukuwa, "Ankhazi, yofiirayi mkati ndi yoyera, kodi kumeneko si kusakaniza?" Anandithamangitsa ndi munsi. Amayi aja anaseka mpaka kugwirana, koma mawuwo anawasunga. Mudzaona.

Amulamu anafika. Anali aatali, a mpata m'mano, oseka chamumtima mapewa okha akugwedezeka. Ndinawakonda tsiku lomwelo. Masana akatha ntchito ankakhala nane pakhonde, lichero pakati, nkumandisankhira mikanda, yobiriwira uku, yachikasu uko, zala zawo changu ngati nkhuku pa mapira. Ine ndikulankhula, ndikulankhula. Anthu onse kwathu ndikayamba nkhani ankakumbuka ntchito ina. Amulamu okha ankamva mpaka kumapeto, nkufunsanso, "Ndiye zinatha bwanji, kamulamu?" Munthu wotere mungamulole apite?

Alongo anga anatenga msomali umodzi wa ku migodi uja nkuukhomera ndi mwala pa mzati wa pakati pa nyumba yawo, poyang'anana ndi khomo. Ndinafunsa ndi wa chiyani. Ati wa chipewa. Chipewacho sindinachionepo pamenepo ngakhale tsiku limodzi.

Masiku oyamba zonse zinali bwino. Kenaka m'mawa wina ndikudutsa ndi madzi, chitseko chili chotsekula, ndinaona mkanda wanga woyera uli lende pa msomali. Mtima unandipweteka pang'ono. Ndinaupangira chiuno, osati mzati. Tsiku lomwelo amulamu anandiitana kukhitchini, "Kamulamu, bwera undithirire mchere m'ndiwo." Ndinathira, ndikunyada kuti dzanja langa aliona kuti ndi labwino. Alongo anga pochokera kumunda anaima pakhomo, nkusuzumira pa mzati, nkuyamba kuimba mluzu. Anakasamba ndi sopo wa ku migodi, fungo mudzi wonse.

Kutacha, onse awiri nkhope zili ndwii. Amulamu maso otupa, akusesa malo amodzimodzi. Alongo anga akuwaza nkhuni ngati nkhunizo zawatukwana.

Patapita masiku pang'ono woyera unachoka pa msomali, nkubwerapo wofiira. Amulamu anasamba, nkudzola mafuta a nsatsi, nkupha nkhuku yomwe anabwera nayo kuchokera kwawo. Mchere anathira okha, akuimba. Alongo anga anafika, nkuima pakhomo, nkusuzumira pa mzati. Anaima pamenepo kanthawi ndithu. Kenaka anadya nkhuku ija mwakachetechete, nkupinda bulangete, ati akupita kukalonda kumunda, njovu zavuta.

Njovu ziti? Chimanga chinali m'nkhokwe kale! Kumunda kunali mapesi okhaokha ndi kamsasa kolonderamo kodontha.

Ndipo wofiira uja sunachoke. Mawa ulipo, mkuja ulipo, mlungu wathunthu ulipo, winanso ulipo. Alongo anga tsiku lililonse kusuzumira, kupinda bulangete, ulendo kumsasa. Anzawo anayamba kuwaseka pa njira. "Bwana wa ku migodi, mapesi ali bwanji? Sanabedwe?" Wina ati, "Mutibwereke nyumbayo ife ngati imwe mwakwatira msasa." Iwo ankangoseka ndi mano okha.

Mwezi utatha, woyera unabwereranso pa msomali. Amulamu kundiitana za mchere, alongo anga mluzu ndi sopo, kutacha nkhope ndwii. Kenaka wofiira, bulangete, msasa. Ine mutu unangozungulira. Munthu akamuphera nkhuku amathawa, akamukwiyira amasamba ndi sopo. Ukwati ndi umenewu? Ndinafunsa amama. Ati, "Za m'nyumba ya eni sayang'ana, ndipo ukasuzumiranso pakhomo paja ndikuthira tsabola m'maso."

Tsiku lina ndikutola nkhuni ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe kuja. Alongo anga ati, "Ankhazi, kodi zimatheka mwezi wonse?" Ankhazi ati, "Mwezi wonse? Kapena akudwala, kapena sakukufuna." Alongo anga ati, "Ndimufunse?" Ankhazi ati, "Ufunse ndi pakamwa pako? Unabadwira kutchire? Zimenezo sanena." Ndinaponda kamtengo kouma, onse awiri zii, ine liwiro.

Manje mudzi sukhala ndi funso popanda kulipezera yankho. Yankho linali ine. Amayi a pa mtondo aja anakumbukira mawu anga. Ati mwanayo ananena yekha, mikanda yake ndi ya mitima iwiri, kunja kufiira mkati kuyera, ndiye ukwati ungaime bwanji? Ena ati vuto ndi manja osavinidwa, mwana wosalangizidwa sagwira za m'chiuno mwa mkwatibwi. Ena ati ndi mfundo, wamanga mwamuna pa mfundo. Mayi wina anabwera ndi khanda lake, nkudula timikanda ta m'chiuno pamaso panga, nkundiponyera pa lichero. Ati, "Wanga asadzasowe banja." Khanda la miyezi ingapo!

Ine ndinayamba kukhulupirira. Ndinamasula mfundo za mikanda yonse ya m'chitini nkuziyang'ana, mfundo ngati mfundo zina zonse. Ndinanunkhiza phula. Kenaka ndinati ndiyese. Ndinatenga yofiira yotsala, nkupanga kamkanda, nkumanga pa mwendo wa thadzi lathu kuti ndione ngati tambala athawe. Ndinakhala pa chulu theka la tsiku ndikuyang'ana. Tambala sanathawe ngakhale pang'ono. Thadzi linajompha ulusi nkumeza mikanda iwiri. Ndinabwerako wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira, mikandanso yatha.

Amulamu anaonda. Pakhonde ankabwerabe, koma zala zinkaima pa lichero, yobiriwira kuiika kwa yachikasu. Ndinalimba mtima.

"Amulamu, ndi mikanda yanga?"

"Mikanda yako ilibe mlandu, kamulamu."

"Nanga ndi chiyani? Ndi mchere? Ndimachulutsa?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa misozi. "Kapena ndine woipa nkhope. Kapena ku migodi anasiyako wina. Ine ndachita zonse zimene anandiuza kwathu. Munthu ndikamukonzera amanyamula bulangete. Ndikakhala kuti sindingathe, ndiye amabwera ngati sakuona. Akundinyoza dala." Kenaka ati, "Ndatumiza mawu ku Tembwe. Akubwera kudzanditenga. Udzandipangire wa m'khosi, wa mitundu yonse imene ufuna, ndizikakukumbukira."

Ndinalira mokuwa mpaka agalu anayamba kuuwa.

Amene anabwera anali mayi wamng'ono wa amulamu, amene anawalangiza. Kamayi kafupi, ka ndodo, fumbi la njira mpaka m'mawondo. Anafika dzuwa lili pamutu. Madzi anakana, mpando anakana, ati ndidya mwana wanga akamanga katundu. Mwayi wake adada anali atapita ku Chama ku msonkhano wa mpingo, ndiye amayi anayala mphasa poyera pansi pa bwemba: ankhazi, amama, mayi wa ku Tembwe, ndi amayi awiri a pa mtondo aja amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mphasa yawoyawo. Amulamu anakhala pambali, mutu pansi, mtolo wa zovala uli kale pa mwendo. Alongo anga anawauza akhale patali, anakakhala pa chitsa kuseri kwa khola.

Ine anandithamangitsa, koma ndinangozungulira mtengo.

Mayi wa ku Tembwe ati, "Munabwera kudzapempha mwana. Tinakupatsani wathunthu. Manje mwana wanu akugona ndi mapesi. Ngati simunamufune, bwenzi mutanena."

Ankhazi ati, "Imwe amama, musayambe ndi ife. Mwana wathu ndi waulemu, amatsata zimene anauzidwa. Funsani wanuyo chifukwa chake amatseka njira mwezi wonse."

"Atseka njira ndani?"

"Ameneyo!"

"Mwana wanga? Amene wapha nkhuku zake zonse?"

Mmodzi wa osaitanidwa aja analowerera. "Pepani, ife tingothandiza. Nkhani ndi mikanda. Anapanga ndi mwana wosavinidwa. Idulidwe mfundo, ayidule yekha mwini wake, itayidwe pa mphambano."

Onse anagwirizana msangamsanga, chifukwa kudula mkanda nkosavuta kuposa kukangana. "Kamkamwa! Tulukako kuseri kwa mtengo uko, takuona kale." Anatuma amulamu akatenge. Anabwera ndi yonse iwiri m'manja. Woyera unali wowala, wosalala, woti wakhala pathupi. Wofiira unali utada ndi utsi, phula litauma, ndi kangaude pang'ono. Anandipatsa mpeni.

Nditaona wofiira uja mmene unalili, mantha anathawa, kunabwera ukali. Umenewu unali wa m'khosi wanga, ndinaumasula ndekha! Pakamwa panatseguka, ndipo pakatseguka ine sindidziwa potsekera.

"Onani mmene mwauonongera! Mukuti mikanda yanga ndi yoipa, nanga mkanda ungakhale bwino bwanji uli pa msomali mwezi wonse mu utsi? Ine anandiuza kuti ndi ya m'chiuno, ankhazi munanena nokha, muyeso munandipatsa ndinu. Koma wofiirawu tsiku ndi tsiku uli pa msomali, alongo anga akafika amangouyang'ana nkutenga bulangete, kapena akuipidwa ndi utsiwo, kaya. Umachokapo masiku ochepa okha, pamene pabwera woyera, masiku amene amulamu amandiitana kuti ndiwathirire mchere, ndiye alongo anga amasamba ndi sopo, ndiye kutacha onse akwiya, ndiye ngati ndi mchere nenani ndizithira pang'ono, koma thadzi ndinaliyesa ine, tambala sanathawe..."

"Ima," anatero ankhazi.

Sindinaime, ndinali ndisanamalize za thadzi.

"Ndati ima! Bwereza. Masiku a mchere, pa msomali pamakhala uti?"

"Woyera."

"Woyera?"

"Woyera. Ndikunama ine? Amulamu, nenani."

Ankhazi anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana amulamu. "Mwana iwe, masiku amene suthira mchere umapachika woyera?"

Amulamu ati, monong'ona, "Inde. Chifukwa wofiira ndimakhala nditavala."

"Wavala?"

Mayi wa ku Tembwe analumpha. "Nanga azitani? Akakhala kumwezi avala wofiira, akayera avala woyera. Umene sakuvala aupachika, usadyedwe ndi makoswe. Mwamuna amawerenga chiuno. Ndi mmene tinaphunzirira, ndi mmene ndinamuuzira."

Ankhazi anagwira kumutu ndi manja onse. "Mayo ine! Kwathu kuno mwamuna amawerenga pa khoma! Umene wapachikidwa ndiwo ukulankhula. Aone ali pakhomo, asachite kufika pafupi nkubwezedwa. Msomali uja anakhomera zimenezo!"

"Msomali? Msomali uli ndi chiuno?"

"Nanga munthu aziyamba wafufuza m'chiuno mwa mwini asanadziwe ngati nkololedwa? Ulemu wake uli pati?"

"Ndiye mwana wanu miyezi yonseyi wakhala akufunsira mzati!"

"Wanu wakhala akuyanika mawu ake chadodolido!"

Amama anga, amene sanalankhule chiyambire, anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Anali kuseka, nsalu ili pakamwa, misozi mbwee. Osaitanidwa aja anagwa chagada pa mphasa yawo. Amulamu anabisa nkhope mu mtolo wa zovala, mapewa akugwedezeka monga kale. Koma ankhazi ndi mayi wa ku Tembwe sanaseke, anali ataimirira mphuno ndi mphuno, wina ati kwathu, wina ati kwathu, ndodo ikugunda pansi.

Ine ndili chiimire ndi mpeni m'manja. "Ndidule kapena ndisadule?"

Onse pamodzi, "Choka!"

"Nanga mlandu ndi wa mchere kapena wa utsi?"

Ankhazi anandiponyera chipanda cha fodya. Ndinathawira kukhola. Kumeneko ndinapeza alongo anga pa chitsa, akujambula pansi ndi kamtengo. Ati, "Zikuyenda bwanji uko? Akupita?" Ndati, "Kaya. Akuti mwakhala mukufunsira mzati." Anandiyang'ana ngati ndalankhula chizungu.

Kenaka anawaitana. Anawakhazika pa mphasa imodzi ndi amulamu, monga zikanayenera kukhalira poyamba paja. Zimene anawauza sindinamve, amama anandituma kumtsinje ndi mtsuko waukulu dala. Pobwerako ndinapeza mayi wa ku Tembwe atakhala pa mpando, akumwa madzi, mapazi ali m'beseni. Mtolo wa amulamu unali utamasulidwa, zovala zili pa chingwe. Alongo anga anadutsa pabwalo maso ali pa zala za kumapazi, makutu okha akuoneka kuti munthuyu wapsa ndi manyazi.

Amayi awiri aja sanagwirizane mpaka mapeto. Mayi wa ku Tembwe anagona masiku awiri, ndipo masiku onsewo pa mtondo, kumtsinje, pa moto wophikira, nkhani inali chiuno ndi khoma. Amayi a m'mudzi anagawikana. Zinapezeka kuti ngakhale kwathu komweko ena ankawerenga chiuno, ena khoma, wina ati iye amaika pansi pa mtsamiro, aliyense ankayesa kuti dziko lonse limachita monga iye. Ine ndikayandikira, onse kukhosomola.

Adada atabwerako ku Chama anapeza mtendere, nkunena pa chakudya kuti mwaona, mapemphero amamanga banja popanda zachikunja. Ankhazi anatsamwa, amama anawamenya pamsana nthawi yaitali kuposa mmene kutsamwako kunafunira.

M'mawa wake alongo anga anabwera pakhonde pamene ndinali ndi lichero. Anaponya chinthu pa mikanda, ngwe! Msomali uja, wopindika pang'ono pozula.

"Tenga. Usandifunse kanthu."

"Nanga chipewa muzipachika pati?"

"Ndati usandifunse."

Ndinafunsa amulamu masana. Ndati manje popanda msomali muzitani? Anandiyang'ana, mpata wa m'mano uli poyera. Ati, "Manje tili ndi pakamwa, kamulamu. Tabwereka pako pang'ono." Sindinamvetsenso. Anandibwezera wofiira uja kuti ndiutsuke ndi phulusa ndiutungenso pa ulusi watsopano, ndipo wa m'khosi wa mitundu yonse ndinawapangirabe ngakhale sanapite. Anauvala mpaka ulusi unatha, ndinautunganso, unathanso.

Amayi anabwerera ndi mazira awo ngati sananenepo kanthu. Uja wa khanda anabwera nalo litanenepa, ati timikanda tija tilipo? Za mitima iwiri palibe anazitchulanso. Koma ine ndinakhala zaka ndikuganiza kuti ukwati umaonongeka ndi utsi, mwinanso mchere. Mkwatibwi aliyense wondiitanitsa mikanda ndinkamuchenjeza ndi mtima wonse kuti asapachike pafupi ndi moto, ndipo ndiwo azilawa asanapereke. Ankangondiyang'ana.

Ndinadzamva tanthauzo lake nthawi yanga itakwana, adada atakalamba moti zoletsa zinawatopetsa. Anandikhazika pa mphasa, ankhazi omwewo kutsogolo, nkutulutsa wofiira ndi woyera, yopanga ine ndemwe. Atangoyamba kufotokoza, zonse zinandigwera pamodzi: sopo, bulangete, nkhuku, msasa, tambala. Ndinaphulika kuseka pakati pa malangizo, pamene namwali amayenera kuŵerama ngati wafedwa. Ananditsina ntchafu mpaka kusiya zipsera. Amulamu anali pomwepo, mwana wachitatu ali kumsana, akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Msomali uja ndinaukhomera pa mzati wa khonde. Ndimamangirapo nsonga ya ulusi ndikamatunga, kuti ukhale wokoka bwino. Ndasamuka nawo nyumba zingapo, wachita dzimbiri, koma ukugwirabe. Amulamu anakalambira kwathu ku Kambombo, ndipo ku Tembwe ankangopita kukacheza.